"Sorry" anabadwira pachilonda

Tsiku lina ndili m'minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Zomba, panakwera mayi wina wachizungu, wamtali ndithu. Polowa anaiwala kuwerama, ndiye mutu unagunda chitsulo cha pamwamba pa chitseko, khu! Basi yonse inayankhira pamodzi ngati kwaya: "Sole, sole! Sole madamu!" Kondakitala, amene ankakangana ndi munthu za chenje, anayamba waimitsa mkanganowo n'kuponyapo sole wake. Agogo ena amene anafungatira dengu la tomato analibe nacho ntchito Chingerezi, anangoti, "Pepani mwanangu." Mayi uja, dzanja lili pamphumi, anatiyang'ana modabwa n'kutiuza m'chinenero chake kuti palibe amene walakwa, wadzigunda yekha. Mnyamata wa yunifolomu ya sekondale amene ndinakhala naye kumpando wakumbuyo anandinong'oneza uku akuseka: "Amalawi Chingerezi chimativuta. Sorry amanena munthu akalakwa."

Sindinamutsutse, poti nanenso ndinakula ndikuuzidwa zomwezo, ndipo bolopeni yofiira inadutsapo kangapo m'makope mwanga pa nkhani yomweyi. Koma lero ndikuti mnyamatayo anaphonya, ndipo amene anamuphunzitsa anaphonyanso. Sole wa m'minibasi uja ndi Chingerezi chabwinobwino. Sorry amene tiyenera kumukayikira ndi wina, wa anthu ovala masuti, ndipo ndifika kwa iyeyo.

Mawuwa ndi akale zedi. Zaka zoposa 1,000 zapitazo anthu a ku England ankayankhula Chingerezi chimene Mngerezi wa lero sangachimve popanda kukachiphunzira kusukulu. M'chinenero chimenecho munali mawu akuti "sār", kutanthauza ululu, bala, chilonda. Akaphatikapo kachidutswa kumapeto ankakhala "sārig", kunena munthu amene akumva kuwawa, makamaka kwa mumtima. M'kupita kwa zaka, "a" wokoka uja anasanduka "o" pakamwa pa Angerezi ambiri. Ndi kusintha komweko kumene kunachititsa kuti "stān" akhale "stone", "bān" akhale "bone", "hām" akhale "home". Choncho "sār" anasanduka "sore", yemwe uja timamumva kuchipatala adokotala akamafunsa za pakhosi, ndipo "sārig" anasanduka "sory", kenako "sorry". Ndiye ife amene "l" ndi "r" timawasinthanitsa osadziwa, tikamati sole kapena sore, tangowabweza mawuwo kumudzi kwawo mwangozi.

Anthu ambiri, Angerezi omwe, amaganiza kuti "sorry" ndi mwana wa "sorrow", mawu aja otanthauza chisoni. Si pachibale. "Sorrow" anachokera ku "sorg", nkhawa kapena kudandaula, ndipo mbale wake ndi "Sorge" wa m'Chijeremani. Awiriwa anangokhala moyandikana kwa zaka mazanamazana mpaka anayamba kufanana nkhope, monga muja amafananira bambo ndi mayi amene akhalitsa m'banja. Abale enieni a "sorry" ali kwina. Amene munagwirapo ntchito ku Cape Town mwina munamva munthu woyankhula Afrikaans akuti "seer" pofotokoza kuti penapake pakupweteka: ndi magazi omwewo. Mjeremani akafuna kunena kuti "kwambiri" amati "sehr", ndipo mawu amenewa poyamba ankatanthauza "mopweteka". Zisatidabwitse. Ifenso timati ndiwo zakoma koopsa, chonsecho palibe amene wachita mantha ndi nkhwani.

Amene mumakonda Baibulo lachingerezi la King James, lomwe linatuluka mu 1611, mwakhala mukuwerenga umboni wa zimenezi chaka ndi chaka. Pa Luka 2:9, abusa aja ataona mngelo usiku, akuti anali "sore afraid", mantha ochita kuwawa. Pa Mateyu 17:23, Yesu atawauza ophunzira ake kuti adzaphedwa, akuti anali "exceeding sorry". Ophunzirawo anali asanalakwe kanthu, ndipo sankapempha chikhululukiro kwa munthu. Mitima ndiyo inkawapweteka pomva tsoka la munthu amene ankamukonda. Kodi si zomwe zija anachita agogo a dengu la tomato?

Pamenepa ndidzigwire pang'ono, ndisanakodwe mumsampha umene amakodwamo anthu okonda kufukula mawu. Kumene mawu anachokera sikulamula zimene ayenera kutanthauza lero. "Nice", amene timayamikira naye diresi, anachokera ku mawu achilatini akuti "nescius", munthu wosadziwa kanthu, ndipo m'zaka za m'ma 1300 Mngerezi akakutchula "nice" ndiye kuti wakunena chitsiru. Kwathu kuno "boma" poyamba linali mpanda kapena linga, ngati lija ankakhalamo atsamunda ndi asilikali awo. (Zija amanena anthu ena, zoti ndi chidule cha mawu anayi achingerezi, n'zongopeka.) Palibe lero amene angakane kukhoma msonkho ponena kuti iye sangapereke ndalama kwa mpanda. Choncho sindikuti sole wathu ndi wolondola chifukwa choti ndi wakale. Ndikuti ndi wolondola chifukwa tanthauzo limenelo silinafe, ngakhale kwa eni ake. Mngerezi akamva kuti mayi ako amwalira amati "I am sorry", ndipo palibe amene amaganiza kuti iye ndiye wawapha. Akamva kuti ntchito yakuthera, mawu ake ndi omwewo. Pamene timasiyana ndi pang'ono chabe: iye amasungira sorry wachisoni matsoka aakulu ndipo amamuika m'chiganizo chathunthu, pomwe ife timamuponya yekhayekha, nthawi yomweyo, ngakhale mnzathu wangopunthwa chala pamwala.

Ndipo sitili tokha. Mtumbuka ali ndi phepani, Mswahili ali ndi pole, Muigbo ali ndi ndo, ndipo Mkenya kapena Mnaijeriya akamayankhula Chingerezi amanena sorry pamalo omwe timanena ife. Ndi anthu mamiliyoni ambirimbiri amene anafika m'Chingerezi atanyamula chizolowezi chakuti tsoka la mnzako, ngakhale laling'ono, sulidutsa uli duu. Anafunafuna mawu afupi oikapo, n'kupeza kuti pamalopo palibe kanthu. Mngerezi mnzake akagunda mutu amamufunsa ngati ali bwino, ndiye kuti munthu amene akuona nyenyezi uja wapatsidwanso ntchito yoyankha funso. Pepani safunsa kanthu. Amangokuuza kuti taona, ndipo zatikhudza. Ngati anthu ochuluka chonchi akugwiritsa ntchito mawu mofanana, akumvana, ndipo achita zimenezo kwa mibadwo, n'kovuta kumvetsa kuti bolopeni yofiira ikukonza chiyani.

Komanso eni akewo sorry wawo amamugwiritsa ntchito zambirimbiri zimene sizikhudzana ndi kulakwa. Akapanda kumva bwino zimene wanena amati "Sorry?" Akafuna kudutsa pakati pa anthu, pamene ife timati zikomo uku tikuwerama, iwo amati sorry. Ukamuponda phazi m'sitima ku London, wopondedwayo ndiye amayamba kunena sorry. Sitolo ikatsekedwa, pachitseko pamalembedwa sorry. Ndiye palinso tanthauzo lina lakale, la chinthu chomvetsa chisoni pochiona, monga nyumba imene denga lake lagwera mkati. Pa ntchito zonsezi, aphunzitsi athu anatisankhira imodzi yokha n'kutiuza kuti ndiyo yokhayo.

Chimene chinachitika kumaiko a azungu n'chakuti sorry wovomera kulakwa anakula mpaka kuphimba anzake, ndipo atakula anakwera mtengo. Makampani a inshulansi amalangiza madalaivala kuti pangozi asanene chilichonse chomveka ngati kuvomera mlandu. Madokotala ankaopa kuyandikira banja limene lataya munthu m'manja mwawo, poopa kuti mawu achisoni akasanduka umboni kukhoti. Zinafika poti aphungu anachita kukhala pansi n'kupanga malamulo oteteza kupepesa. Dera la Massachusetts ku America linayamba mu 1986. Ku England ndi Wales, gawo lachiwiri la lamulo lotchedwa Compensation Act la 2006 limati kupepesa pakokha si kuvomera kuti unachita mosasamala. Chigawo cha Ontario ku Canada chinakhazikitsa lamulo lake la kupepesa mu 2009. Taganizani, nyumba ya malamulo kukambirana kuti munthu aloledwe kuuza mnzake wovulala kuti pepa. Kondakitala wa ku Limbe uja sanadikire loya.

Ndivomere chinthu chimodzi: mbale wathu amene akuyendetsa galimoto ku Manchester, kapena amene akusamalira okalamba ku Leeds, ayenera kudziwa mmene mawuwa amamvekera m'makutu a kumeneko. Gogo wachizungu akagwetsa kapu iwe n'kunena sorry, adzakuyankha kuti si vuto lako, ndipo zathera pomwepo. Koma pamsewu, magalimoto atagundana, sorry wako wachifundo wina adzamulemba ngati kuvomera. Kudziwa zimenezi n'kuchenjera, ngati kudziwa kuti kwa apongozi sukhala pampando uliwonse. Sikutanthauza kuti kwanu mumakhala molakwika.

Dziko limene mawuwa analigwedeza kwambiri ndi Australia. Kwa zaka zambiri, mpaka cha m'ma 1970, maboma a kumeneko ankalanda ana a anthu a mtundu wa Aborigine, eni nthaka a dzikolo, kwa makolo awo n'kukawalerera kumamishoni ndi m'nyumba za azungu. Lipoti la kafukufuku wa nkhaniyi litatuluka mu 1997, anthu anafuna kuti boma lipepese. Nduna yaikulu ya nthawiyo, John Howard, inakana. Mfundo yake inali yakuti m'badwo wa lero sungasenze mlandu wa zimene anachita a m'badwo wakale, ndipo mu 1999 nyumba ya malamulo inangovomereza mawu onena kuti ikudandaula kwambiri ndi zimene zinachitika. Anthu wamba sanadikire. Pa 26 Meyi 1998 anayambitsa tsiku lotchedwa National Sorry Day, ndipo mu Meyi 2000 khamu la anthu pafupifupi 250,000 linayenda pa mlatho waukulu wa Sydney, ndege italemba mawu amodzi okhawo kumwamba ndi utsi. Mpaka pa 13 Febuluwale 2008 ndi pamene Kevin Rudd, amene analowa m'malo mwa Howard, anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kuwatchula mawuwo mobwerezabwereza.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani imeneyi n'chakuti m'Chingerezi cha Aaborigine, mwambo wa maliro amautcha "sorry business". Kwa iwo sorry ndi kukhala pasiwa. Howard ankamva mawu a kukhoti, pomwe ambiri mwa olirawo ankayembekezera choyamba chimene aliyense wa ife amachita akafika pamaliro: kugwada pafupi ndi ofedwa, kuwagwira dzanja, n'kunena chapansipansi kuti pepani. Palibe amene amafika pasiwa n'kuyamba kufotokoza kuti iye sanaphe munthu.

Koma makolo athu, amene anatipatsa pepani, ndi omwenso anatisiyira chenjezo lakuti pepani sapoletsa chilonda. Mwambiwu umakoma kawiri ukadziwa kuti sorry anabadwira pachilonda pomwepo. Ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amangotamanda chikhalidwe chathu n'kulekera pomwepo. Mawu amene ali ndi nkhope ziwiri, yachisoni ndi yovomera, ndi malo abwino obisalamo munthu wolakwa. Bwererani ku Baibulo lija, pa Mateyu 14:9. Mtsikana uja atapempha mutu wa Yohane Mbatizi m'mbale, akuti "the king was sorry". Herode zinamukhudza ndithu. Kenako, poopa manyazi pamaso pa alendo ake, anatuma munthu kundende kukadula mutuwo. Chisoni anali nacho, lupanga linalinso lake.

A Herode a masiku ano ali ndi akatswiri owalembera mawu. Mu Juni 2013, boma la Britain linagwirizana zopereka mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa Akenya 5,228 amene anazunzidwa ndi atsamunda m'nthawi ya Mau Mau, gulu limene linaukira ulamuliro wa Britain ku Kenya. Nduna yoona zakunja, William Hague, inauza nyumba ya malamulo kuti boma likudandaula moona mtima kuti nkhanzazo zinachitika, koma linapitiriza kukana kuti lili ndi mlandu. Patapita zaka 10, mu Okutobala 2023, Mfumu Charles ili ku Nairobi inanena za chisoni chachikulu ndi kudandaula kozama, inavomereza kuti nkhanzazo zinalibe chowiringula, koma mawu opepesa amene Akenya ambiri ankawadikira sanatuluke. Onani mmene zinagawanikira. Ku Kenya ndalama zinabwera popanda mawu. Ku Australia mawu anabwera, koma boma la Rudd linakana panthawiyo kupereka chipukutamisozi. Kwathu mawu akuti chipepeso amanyamula zonse ziwiri, zotuluka pakamwa ndi zotuluka m'thumba, ndipo amene wabweretsa chimodzi chokha anthu amamuona.

Tisaloze chala kutali kokha. Mu Januwale 1996, patangopita masiku ochepa khoti litawapeza osalakwa pa mlandu wa nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, a Hastings Kamuzu Banda anatulutsa uthenga wopepesa mtundu wa Amalawi. Ambiri anaulandira, ndipo sindikuupeputsa. Koma unali ndi "ngati" kutsogolo kwake: ngati alipo amene anamva zowawa chifukwa cha anthu ogwira ntchito m'boma lawo, kapena ogwiritsa ntchito dzina lawo monama, kapena mwa iwo eni mosadziwa. Amene anakhalapo ku Mikuyu ankadziwa kuti panalibe za ngati. Mwina n'zoyenera kuti mawu achingerezi a uthenga wotere, "apology", anachokera ku Chigiriki "apologia", kumene ankatanthauza zimene munthu amayankhula podziteteza pabwalo la milandu, monga anachitira Socrates, mphunzitsi wa nzeru wa Chigiriki, ku Athens mu 399 BC.

Zazing'ono nazo zilipo, ndipo ndi zimene timakumana nazo tsiku ndi tsiku. Chaka china ofesi ina inanditayira chikalata chimene ndinachita kupereka pamanja, n'kusainira m'buku. Ndinapitako kanayi, ulendo uliwonse ndikulipira thiransipoti ndi kujomba kuntchito. Nthawi zonse mayi wa pawindo ankandilandira ndi nkhope yachifundo: "Pepani bambo, pepani kwambiri, mubwerenso Lachinayi." Ankandipepesa ngati mmene umapepesera munthu amene mvula yamunyowetsa, ngati fayiloyo inatengedwa ndi kamvuluvulu. Ulendo wachinayi ndinafunsa mwaulemu kuti kodi amene anataya ndani. Chifundo chija chinachoka pankhope nthawi yomweyo, ndipo ndinauzidwa kuti ndisachite makani, anthu andipepesa kale. Pakhoma kumbuyo kwake panali pepala lolembedwa pakompyuta, lija timaliona paliponse pamene zinthu zaima, lopepesa chifukwa cha "any inconvenience caused", kunena vuto lililonse limene mwina lachitika. Chiganizo chimenechi n'chaluso: mulibe munthu amene wachita kanthu, ndipo "any" uja akukayikira ngati pali amene wavutika n'komwe, chonsecho mzere wafika panja.

Ndiye ndikanakhala mphunzitsi wa Chingerezi, sindikanataya nthawi kuletsa ana kunena sorry mnzawo akagwa pabwalo. Ndikanawauza kuti mawuwa ali ndi ntchito ziwiri zazikulu, kuti zonse ndi zakale ndipo n'zololedwa, kuti azungu ena amadabwa ndi yoyambayo pa zinthu zazing'ono, basi. Nthawi yotsalayo ndikanaigwiritsa ntchito powaphunzitsa kumvetsera sorry wa anthu amphamvu ndi khutu lakuthwa: kodi m'chiganizomo muli munthu amene akuti ndinachita ndine? Kodi muli "ngati"? Kodi pambuyo pake pakubwera chiyani? Pa mbali imeneyi Chichewa chili ndi zida zokwanira kuposa mmene timachiyamikirira. Tili ndi pepani, amene aliyense angamunene, wodutsa ndi njira yemwe. Koma tilinso ndi ndalakwa, tili ndi mundikhululukire, ndipo mawu amenewa sanganenedwe ndi munthu wongoonerera. Amene mbuzi zake zadya mmera wa mnzake sangathere pa pepani yekha.

Ndinazionapo kumudzi kwa amayi anga, pansi pa mtengo wa mango pamene pamakhala bwalo. Mbuzi zinayi za bambo wina zinalowa m'dimba la mayi wamasiye n'kumaliza mpiru ndi chimanga chanthete. Mwini mbuzi anafika atavula chipewa, n'kuyankhula nthawi yaitali za mmene zinamukhudzira, mmene chaka chino zinthu zavutira, mmene mbuzi zilili nyama zosamva. Pepani anamutchula kosawerengeka. Anyakwawa anamumvetsera mpaka anamaliza, kenako anafunsa kuti chingwe chimene anamangira mbuzizo chinali chotani. Bamboyo anayang'ana pansi, n'kunena kuti tsiku limenelo sanazimange. Anamufunsa kachiwiri, kuti anthu akumbuyo amve. Anabwereza, n'kuwonjezera kuti walakwa ndi iye. Mayi uja, amene nthawi yonseyi anali atayang'ana kumbali, anatembenuka. Anagwirizana ndowa ziwiri za chimanga pokolola, ndi kuti bamboyo akonze mpanda wa dimbalo sabata isanathe, ndi mitengo yake.